Chipewa Sichivulidwa

Lolemba, 6 Okutobala
Ndadzisokanso chala. Msoko wake wowongoka bwino, ngakhale ndinali m'tulo. Mwana wanga wamkazi luso limeneli sanalione. Akuti ndikangosinzanso pa makina awanyamula, ine ndikakhale kwawo, m'kachipinda kosungiramo matayala a mkamwini. Ulemu waukulu.

Lachitatu, 8 Okutobala
Kuchipatala, chokokedwa. Dokotala wake ndevu sizinamere. Usiku mumagona, agogo? Ayi, ndimayang'anira denga lingathawe. Mumavala chiyani pogona? Chipewa chaubweya, monga munthu aliyense wanzeru.
Akuti pansi pa ubongo, pamene mutu wakumana ndi khosi, pali timitsempha tokhala ngati alonda, tina todzutsa munthu, tina tomugoneka. Kuti tulo tibwere, ubongo uyambe wazizira pang'ono. Ine akuti ndimauphika, ndiye alonda odzutsawo saweruka. Masana atopa, ine n'kugwera pa singano.
Zaka zonsezo kusukulu, kukaphunzira kuvula nkhalamba chipewa. Ine amene ndinalekeza panjira ndinapulumuka.

Lachinayi, 9 Okutobala
Chili pamutu, ndipo sichichoka. Anandilukira mayi a ana, chaka chimene anayamba kudwala. "Dazi limeneli mphepo idzalilowa ine kulibe." Dokotalayo analipo?

Loweruka, 11 Okutobala
Buluku la aphunzitsi. Ndalumikiza miyendo yonse iwiri, lasanduka siketi. Akwiya. Anthu ophunzira sadziwa kuyamika zatsopano.
Mwana wamva, sindikudziwa kwa yani. Pakhonde pano nkhani imathamanga kuposa makina anga. "Bambo, musankhe, chipewa kapena makina." Galimoto ya mkamwini Lachiwiri.

Lamulungu, 12 Okutobala
Ndinati ndiboole chipewa pamwamba, alonda aja apumeko mpweya. Sizasi ndinaigwira. Dzanja lakana.
Thukuta mpaka m'makutu. Maso gwa.

Lolemba, 13 Okutobala
Pakati pa usiku ndinachivula. Osati chifukwa cha kamnyamata kaja. Chimayabwa, basi. Ndinachiika pa pilo wa mayi a ana.
Podzidzimuka, dzuwa lili pakhoma, ana asukulu adutsa kale. Tsiku lonse osasinza. Buluku ndalipasula, miyendo yabwerera mwakale. Zangochitika mwamwayi.

Lachiwiri, 14 Okutobala
Galimoto yabwera, yandipeza ndikupalasa makina, maso ali mbee, chipewa chili pamutu kuti aone. Yabwerera yopanda kanthu. Mwana ndamuuza kuti dokotala wakeyo akagulitse tomato.
Zoti usiku ndimagona dazi lili pamtunda, palibe adzazidziwe.
Tulo tenitenito tabwera ndi mlendo. Ndawalota mayi a ana, koyamba chimwalirireni. Ndinachita manyazi, n'kuphimba mutu ndi manja. Iwo kungoyang'ana chipewa pa pilo, kenako ine.
"Ndinati mphepo, bambo inu. Kutentha konseku?"