Dzanja Limene Linaliza Belu la Edna

Lachiwiri, 5 Juni 1956

Chiperoni chakana kuchoka. Phiri silikuoneka. Nkhuni zonyowa, utsi m'maso.

Tsiku lonse maganizo ali pa chaka chimene amayi ankadwala mutu. Ine ndili namwali kale, mlongo wanga Elson akadali kamnyamata ka makutu aakulu. Aphunzitsi anampatsa ntchito yoliza belu la tchalitchi, chidutswa cha njanji chomwechi chopachikidwa pa mbawa. Sankafikira. Ankakwera pamwala. Nyumba yathu inali kumunsi kwa mtengowo, ndipo belu likalira amayi ankadzigwira kumutu n'kubuula. Tsono mwana uja anapeza nzeru yakeyake. Akamenya komaliza, ankafumbata chitsulocho ndi chikhato kuti chisapitirize kung'ung'udza. Kulira n'kudukira pakati, ngati munthu amene wagwiridwa pakamwa. Madzulo ankabwera kudzandionetsa dzanja: "Achemwali, likunyerenyetsa." Ndinkalipaka mafuta a nsatsi.

Amayi anapita, chizolowezi chinatsala. Lero ndi abusa Elson, kolala yoyera pakhosi, belu anasiya kuligwira kalekale. Woliza belu masiku ano ndi Alufeyo, wothyola tiyi ku esiteti. Iyeyo amalisiya lilire mpaka litatopa lokha.

Dzulo taika Edna.

Lachinayi, 7 Juni

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ungapepuke.

Edna, mkazi wamasiye, woyambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu. Loweruka anampeza kuseri kwa nyumba yake, m'munda wa nandolo, bala lalikulu kunkhongo. Omupeza ndi amayi opita kukatunga madzi, dzuwa litatuluka. Koma belu la maliro linali litalira kale, kukungoyera kumene. Tonse tinalimva. Tinatuluka m'nyumba n'kumafunsana kuti watisiya ndani, woyankha panalibe. Belu linadziwa ife tisanadziwe.

Sajeni wa ku boma sanavutike. Anangofunsa kuti amaliza belu pano ndani. Alufeyo atawaona akubwera anathawira m'tiyi. Munthu wokulira kwa Apwitikizi akaona yunifolomu, miyendo imanyamuka yokha, ife tonse tikudziwa zimenezo. Koma kwa apolisi wothawa ndi wolakwa. Kenaka wina anakumbutsa za mbuzi yake imene inadya nandolo wa Edna, ndi mawu oipa amene anaponyerana. Basi, chingwe m'manja.

Iye akulumbira kuti sanalize. Chomenyera chimakhala pamphanda ya mtengo, aliyense angachitenge.

Ine ndinali maso m'mawa umenewo, ndikukoleza moto. Belu linadukira pakati.

Ndalemba. Ndikuwayang'ana mawuwa. Sindiwafufuta.

Lamulungu, 10 Juni

Nyimbo yoyamba tinangoyang'anana. Pamalo pa Edna mphasa yokha. Wina anayambitsa pamwamba kwambiri, tinafika pakati tili ziii, abambo okha akung'ung'udza.

Elson analalikira za nkhosa ndi mbusa wake. Mawu osalala, monga mwa masiku onse. Ine sindinamve kanthu. Maso anali pa dzanja lake lamanja, litagona pa Baibulo. Zala zazitali za amayi.

Potuluka ndinamudikira pakhomo. Anandipatsa moni wa m'manja ngati mkhristu wina aliyense. "Achemwali, mutu wandigwira, tidzacheza tsiku lina." Sanandiyang'ane.

Mwana ameneyu ndinawoloka naye mtsinje wa Muloza, pochoka kwa Apwitikizi, ali kumsana kwanga, madzi m'chiuno, amayi patsogolo atasenza mphika ndi mphasa. Anagona tulo njira yonse. Ankanunkha mkaka.

Lachitatu, 13 Juni

Joice, mkazi wa Alufeyo, anabwera ndi khanda kumbuyo. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi khomo. A kapitawo amuuza kuti nyumba ya kampani ndi ya munthu wogwira ntchito, mwezi ukatha atuluke.

Anakamuona mwamuna wake ku boma. Akuti nkhope yatupa mbali imodzi, koma nthabwala sanasiye. "Ukawauze amene akuliza belu langa masiku ano kuti akuchita ngati akukhoma msomali, ndikuwamva ndili konkuno." Joice anaseka pofotokoza, kenaka kuseka kunasanduka zina.

Chimene anadzera ndi ichi: "Amayi Doris, inu ndi mlongo wawo wa abusa, inu akumverani. Akangonena kwa mzungu kuti bambo ake a mwanayu si munthu wopha." Ndinati ndiyesa. Ndinampatsa makaka a chinangwa ndi nyemba za kalongonda zotsala dzulo. Anathokoza mpaka kuomba m'manja. Bwenzi atanditukwana.

Loweruka, 16 Juni

Kuliza si kupha. Ndakhala ndikubwereza mawu amenewa ngati vesi la ku sukulu.

Mwina Elson anangomupeza atafa kale. Mantha, chisoni, miyendo n'kumutengera pamtengo wa ubwana wake. Munthu akasokonezeka amachita zimene manja ake amadziwa. Inde. Koma mbusa amakatani kuseri kwa nyumba ya mkazi wamasiye kusanache? Ndipo ngati manja ake ndi oyera, bwanji akusiya mnzake m'chitolokosi chifukwa cha belu limene iye analiza?

Ena alipo oti n'kuwaganizira. A Thomson, mkulu wa mpingo, amene Edna anawakana ukwati kawiri ndipo mudzi wonse unamva. Abale a malemu mwamuna wake a ku Milanje, kutsidya kwa malire, amene ankalimbirana makina osokera. Ndimawaika m'maganizo mmodzimmodzi, ndimawayesa ngati nsalu pathupi. Onse akhoza. Koma palibe mmodzi wa iwo amene amafumbata chitsulo.

Ndikukumbukanso zimene sindinkafuna kuona. Maulendo a Elson kwa Edna, ati kukasankha nyimbo za Lamulungu. Alamu anga a Millie kusiya kumupatsa moni Edna kuyambira pa Pasaka.

Masana ndinapita kunyumba ya abusa. A Millie pakhomo, maso ofiira, akuti achimwene ali m'pemphero. Ndikutembenuka kuti ndizipita, iwo kumbuyo kwanga: "Loweruka lija anali m'nyumba mpaka dzuwa kutuluka, mboni ndine." Sindinawafunse.

Lachiwiri, 19 Juni

Ndinayenda wapansi mpaka ku boma. Nsalu yabwino, mpango wa ku tchalitchi. Ndinafika pakhonde la apolisi n'kukhala pabenchi pamodzi ndi anthu a milandu ya msonkho.

Ndili pamenepo ndinayamba kumva mafunso. Munaona chiyani, amayi? Sindinaone. Nanga? Ndinamva. Munamva chiyani? Kuti belu linaleka kulira. Ndinamva ngakhale kuseka kwa womasulira. Mayi wachikulire wa Chinguru, wochokera kutsidya kwa malire, kudzaneneza mbusa wophunzira, wolankhula Chingerezi ndi a DC, chifukwa cha phokoso limene kunalibe.

Ndipo akandikhulupirira? Akandikhulupirira, chingwe chomwecho chingochoka pakhosi lina kupita pa lina, ndipo wochisuntha ndine.

Msilikali anafunsa chimene ndikufuna. Ndinati ndikupuma. Ndinagula singano ndi ulusi woyera m'sitolo ya pa Chitakale, wa diresi la ukwati la Rosie, kuti ulendo ukhale ndi dzina. Nkhoswe ya mwana wangayu ndi malume ake Elson. Mbumba yonse ili m'manja mwake. Amayi pomwalira anati kwa iye, usunge alongo ako, ndipo watisunga. Denga ili anafolera ndiye.

Pobwera phiri linatuluka m'mitambo, lonse, loyera ngati lasambitsidwa. Ndinakwiya nalo.

Lachinayi, 28 Juni

Masiku onsewa osalemba. Kulemba chiyani?

Joice ndi ana ake akugona m'khitchini mwanga. Katundu wawo yense mtolo umodzi ndi mbuzi ija. Anthu akuti ndine mkhristu weniweni. Ndikamva zimenezo ndimasiya chakudya m'mbale.

Mlandu aupititsa ku khoti lalikulu ku Blantyre mwezi wamawa. Amene anabweretsa nkhaniyi ndi a Thomson, chipewa m'manja. Anati milandu ya magazi ikapita kumeneko, kawirikawiri mapeto ake ndi ku ndende yaikulu ya ku Zomba. Sanatchule chingwe. Joice anali kuseri akusinja, musi unaima, kenaka unayambanso.

Kamwana kake kakakulu kamandifunsa ngati ku Blantyre kuli belu loti abambo ake azikaliza.

Ndinadutsa kwa Edna. Nandolo wake wachita maluwa, wopanda womuuza kuti mwini wake kulibe. Pakhonde kamphika kosweka. Ankakonda kundiseka poyeserera nyimbo: "Amayi Doris, inu mumaimba ngati mukupepesa, tsegulani kukamwa, Mulungu si bwana wa esiteti!" Anali ndi mpata pakati pa mano. Za iye anthu asiya kale kukamba, akungokamba za mlandu.

Ndapita kwa Elson kawiri. Koyamba anali ku mudzi wina kukabatiza. Kachiwiri njinga inali pakhonde, koma anali ku mudzi wina kukabatiza.

Lamulungu, 1 Julaye

Mgonero.

Sindinakonzekere chilichonse, Mulungu ndi mboni. Ndinasamba, ndinavala zoyera, ndinakhala pamalo panga. Elson patebulo akunyema mkate ndi dzanja lomwelo. A Thomson akuyenda ndi chikho m'mizere.

Chitafika pa ine manja anakana. Kuyambira tsiku limene ndinabatizidwa sindinachilolepo kundidutsa, ngakhale chaka chimene ndinaika mwamuna wanga. A Thomson anaima, nagwedeza chikho pang'ono, poganiza kuti ndagona. Ndinapukusa mutu. Amayi a m'mbali mwanga anatembenuka kundiyang'ana.

Elson anadzutsa maso. Kwa nthawi yoyamba chifereni Edna, anandiyang'ana. Ndipo dzanja langa lamanja linanyamuka lokha pachifuwa, n'kufumbata pang'onopang'ono, ngati pali chitsulo pamenepo chofunika kuchitontholetsa.

Palibe wina anamva tanthauzo lake. Iye anamva. Mawu amene wanena kambirimbiri anamuthawa pakati, mpaka mkulu wina anamukumbutsa monong'ona.

Ndinabwerera kunyumba. Rosie akuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ake.

Lachiwiri, 3 Julaye

A Thomson anabweranso. Mwambo wa mpingo ndi womwewo: wokana chikho, akulu amamuyendera kuti amve amene wasungirana naye chakukhosi. Abwera atatu Lachisanu madzulo. Anayesa kuseka: "Kapena ndi ine, amayi, nenani ndigwade pompano." Kenaka anayang'ana kukhitchini kumene kuli Joice, n'kusiya kuseka.

Kwa apolisi ndinatha kukhala chete. Kwa akulu, Baibulo lili pamphasa pakati pathu, sindidziwa kunama. Elson akudziwa zimenezo. Ndine ndinamuphunzitsa.

Ndasoka mpendero wa diresi mokhota, ndaphwasula, ndasokanso mokhota.

Ndikufuna andiuze kuti ndinamva molakwa. Ndikufuna aseke, anene kuti achemwali mwakalamba, makutu ayamba kukunamizani. Ndikhoza kumukhulupirira. Ayi, sindingathe.

Lachitatu, 4 Julaye

Chiperoni chabweranso.

A Millie anafika masana, anaima pabwalo, mvula ikuwagwa, anakana kulowa. "Achimwene anu akuti mawa m'mawa, pabwinja la amayi anu, pamango paja. Akuti mubwere nokha." Anatembenuka, kenaka anabwerera masitepe angapo ngati ali ndi mawu ena. Anangondigwira pamkono, mwamphamvu, n'kupita.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikupempha zimenezi. Zabwera.

Pabwinja paja palibe amene amadutsa masiku ano. Udzu wofika m'khosi, tchalitchi sichioneka. Ndi pamene ndinkamusambitsira, pamwala wathyathyathya uja. Mwina wasankha pamenepo kuti akalire momasuka, monga ankachitira ali mwana. Mwina.

Ndapeza kabotolo ka mafuta a nsatsi, ndakamanga m'nsonga ya nsalu, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndipo ndachita chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite pokakumana ndi mwana wa amayi anga. Ndamuitana Joice, ndamuuza kumene ndikupita, ndi amene wandiitana. Ndati dzuwa likafika pamutu ndisanabwere, asandidikire, athamangire kwa akulu.

Anangofunsa kuti, "Amayi, ndikawauze chiyani?"