Botolo la Mavitamini a Bambo

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu pamodzi ndi alamu ndi ana? Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda monga mwa masiku onse. Azakhali nawonso ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta. Za bambo ndinena m'munsimu, chifukwa ndiwo andilembetsa kalatayi.

Mudabwa kuti masiku ano munthu n'kumalemba papepala. Foni yanu ndaiyesa, imangoitana. Mauthenga anga mumawatsegula, ndimaona, koma yankho ndiye ayi. Tsono ndati mwina pepala mulichitira ulemu. Ndapatsira mnzanu uja woyendetsa lole.

Bambo anadwala chimfine masabata asanu ndi awiri apitawo. Chinayamba monga chimayambira chimfine chilichonse: kuyetsemula, mamina chuchuchu, pakhosi kukanda. Tinachita zomwe timachita nthawi zonse. M'mawa madzi otentha, mandimu awiri, jinja wosinja ndi supuni ya uchi. Masana kuchukucha pakhosi ndi madzi a mchere. Madzulo poto wa masamba a bulugama, iwo n'kufunda bulangete pamwamba pa nthunziyo mpaka thukuta kamukamu.

Azakhali atamva anabwera ndi zawo. Adyo wosaphika wotafuna, ndi anyezi woika m'masokosi pogona. Nyumba inanunkha sabata yathunthu. Mayi wina wobwera kudzatenga diresi lake anafunsa ngati bambo asiya utelala n'kuyamba kugulitsa ndiwo.

Mamina anatha, kuyetsemula kunatha. Chifuwa chokha ndicho chinatsala, ndipo chilipobe.

Mukukumbukira botolo lalikulu la mavitamini lomwe munawatumizira lija, lofiirira, la chivindikiro choyera? Limakhala pa makina osokera, pafupi ndi chitini cha mabatani. Aliyense wobwera kudzasoketsa amayamba waonetsedwa botolo asanayesedwe m'chiuno. Bambo amati mwana wawo wa kutali sawaiwala, amawatumizira mankhwala olimbitsa thupi, chimfine cha kuno sichingawagwetse.

Mavitamini anuwo, achimwene, anatha chaka ndi miyezi iwiri yapitayo. Apa ndiye pali kuulula kwanga.

Tsiku lomwe inatsala mibulu itatu, bambo anandifunsa kawiri ngati mwaimba. Kachitatu sanafunse. Anangogwedeza botolo pafupi ndi khutu n'kulibwezera pamalo pake. Zinandimvetsa chisoni, ndipo inu ndinakukwiyirani, sindibisa. Ndinapita ku famase ya pakona paja, kugula mavitamini C wamba a mtundu wofananirako, n'kuthira m'botolo. Ndinawauza kuti mwatumiza ena m'kathumba ka pulasitiki kuti katundu apepuke. Anaseka, ati mwana wawo nzeru anatengera iwo.

Ndathiramo kanayi tsopano. Nthawi iliyonse ndimapeka ndi moni wanu womwe. Ndimati mwati ntchito yachuluka, mwati ana akukula, mwati muimba mukapeza mpata. Bodza ndalizolowera mpaka ndimadziwa tsiku lomwe mwana wanu wamng'ono anaguluka dzino, chonsecho sindinamuonepo ngakhale pachithunzi.

Ndinkaona ngati palibe cholakwika, vitamini ndi vitamini. Koma lero bodza langalo ndi lomwe latseka khomo. Ndikatchula za kuchipatala, bambo amaloza botolo. Amati adokotala akawapatsa chiyani choposa zomwe mwana wawo wasankha yekha m'masitolo akuluakulu a kumeneko. Chifuwacho amati ndi fumbi la nsalu. Awonjezera mlingo okha, pano akumwa iwiri patsiku.

Ndikuuzeni zomwe ndaona, inu muziyeze nokha.

Buluku lawo lakuda lija alibweza m'chiuno kawiri. Sananene, koma mwana wa telala sungamubisire msoko. Ndinauona pochapa, ulusi wake ndi watsopano. Pilo wawo m'mawa amakhala wonyowa ndi thukuta. Chakudya amangochitola apa ndi apo. Makina aja ankawapalasa tsiku lonse osapuma, pano msoko umodzi wa siketi amaima kawiri kuti atsokomole.

Lachiwiri ndinapeza kachigamba koyera m'thumba la malaya awo, kotsala pa diresi la kasitomala. Kanali ndi madontho a magazi. Anali atakapinda bwinobwino kanayi, monga amapindira mpango.

Lachitatu ndinapita ku famase kukagula mavitamini ena, poti mutu wanga unalibe nzeru ina. Mayi wogulitsa mankhwala pamenepo amandidziwa tsopano. Anafunsa kuti mavitamini onsewa akumwa ndani. Nditafotokoza, anatenga paketi yomwe anali ataika kale patebulo n'kuibwezera pashelefu.

Anati mandimu ndi uchi n'zabwino, zimafewetsa pakhosi, nthunzi imatsegula mphuno, ndipo chimfine chimatha chokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma chifuwa chopitirira apo, chobwera ndi kuwonda ndi magazi, chimafuna kukayezetsa makhololo ndi kujambula m'chifuwa. Dzina la matenda sananditchulire, anati imeneyo si ntchito yake. Anangoti ndisachedwe, ndiponso ndikayezetse nane poti timagona nyumba imodzi. Ndinatuluka chimanjamanja.

Ndawachonderera bambo, ndalephera. Azakhali ayesa, anauzidwa kuti abwerere kwa anyezi wawo. Mumawadziwa bambo anu. Mawu a mwana wamkazi amawamva ngati wailesi ya kwa aneba. Amamvera inu nokha, inu amene simulankhula.

Njira ndikuziona ziwiri. Yoyamba ndi yanga. Ndikhoza kuwauza kuti botolo ndi lanu koma zam'katimo ndi za pakona pomwepa. Mwina akamva apita kuchipatala. Koma apita akudziwa kuti mwana wawo woyamba wakhala chete chaka ndi miyezi iwiri, ndiponso kuti wotsirizayu wakhala akuwanamiza m'mawa uliwonse powapatsira madzi omwera. Sindikudziwa ngati munthu wa zaka zawo amachira bwino ali ndi zotere mumtima.

Yachiwiri ndi yanu. Sindikupempha botolo lina, ndipo chonde musatumize. Imbani foni basi. Muwauze kuti mavitamini aja ndi othandizira pa chimfine chabe, ndipo inu mwini wake mukuti apite kuchipatala mawa lake. Mphindi zisanu zikwana. Zina zonse ndichita ine, kuwaperekeza, kuima pamzere, kutenga zotsatira.

Ngati pali chomwe chikukuchititsani manyazi kumeneko, kaya ntchito inatha, kaya n'zapabanja, ine sindikufunsani, ndipo bambo safunsa. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa wofera kuunayo sakhala inu.

M'botolo sindithiramonso. Ndawerenga m'mawa uno, mwatsala mibulu makumi awiri ndi inayi, ndipo akumwa iwiri patsiku. Mnzanu wa lole wati afika kumeneko m'masiku anayi. Masamu kusukulu munkakhoza ndinu. Botolo likatha musanaimbe, ndiwauza zonse, zanu ndi zanga zomwe.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti ali ndi azakhali awo kuno, ndipo amawakonda ngakhale sanaonane. Azakhali athu akupereka moni, ati muzivala zotentha. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu pa ntchito zanu.

Bambo andipeza ndikulemba, ndipo ndawauza kuti ndikulembera inu. Ati ndikuthokozereni kwambiri, ati mavitamini omwe mwatumiza komalizawa ndi amphamvu kuposa oyamba aja. Akukusokerani malaya a mikono yaitali. Ati muyeso wanu akuukumbukirabe, atsala ndi kolala ndi mabatani.

Nambala yawo sinasinthe.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba muno