Cholembera cha Ghizlane

Lolemba, 5 Meyi
Asewere abwera lero, Hajja Batoul, mayi ake a Ilyas, mkwati wathu. Tagwirizana: Lachisanu la sabata yamawa alembi a ukwati abwera kuno kwathu, Ghizlane wanga asainira. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati cholembera chosainira ndisema ndekha, cha mtengo wa azitona. Ndinamulonjeza mwanayu akadali kamwana kosewera ndi utuchi pakasitolo kanga.

Hajja anaika kapu ya tiyi pansi. "A Bouchaib, si inu mumasema ndi phazi kumsika kuja?" Ndinati eya, monga ankachitira bambo anga. Ati, "Ndiye ukwati wa mwana wanga usainidwe ndi chinthu chopondedwa? Phazi limaponda zonse za mumsewu." Ati masiku ano kuli makina.

Ghizlane anangoti zii, maso pa thireyi. Za Hajja sindikudandaula, pakamwa pawo mpodziwika Marrakech yense. Koma chete wa mwana wanga wandiwawa zedi.

Lachiwiri, 6 Meyi
Tsiku lonse kumsika. Ndakhala pansi monga mwa masiku onse, dzanja ili likukoka uta kuti mtengo uzungulire, linali lagwira tchizulo, chala chachikulu cha kuphazi chikulondolera nsonga yake. Azungu ajambula phazi, monga mwa masiku onsenso. Nkhope yanga palibe anaijambulapo chiyambire.

Ndinamuuza Mbarek wogulitsa madengu za dzulo. Waseka mpaka kutsokomola. "Gula makina, mdala iwe, phazi lipume pantchito. Ulipatse ndi penshoni." Chitsiru. Koma mawa ndipita ndikawaone.

Lachitatu, 7 Meyi
Kusitolo ya makina. Wogulitsa, dzina lake Si Larbi, amalankhula ngati wailesi yosowa pozimitsira. Awa ati ndi amphamvu, amasema ndi mwendo wa tebulo womwe. Awa ali ndi kabatani kochepetsera liwiro. Timeneti n'ta zolembera basi, tokwana m'khwapa. Ndinati ndiyese. Ndinavula nsapato.

"Aaa, bambo, muno si mumzikiti."

Makina onse ali pamwamba pa tebulo, kulekeza m'chiuno! Ndinafunsa kuti nanga phazi ndiika pati. Ati, "Pansi, pomwe anthu ena onse amaika mapazi." Ndinavala nsapato yanga mwaulemu n'kutuluka. Mtima unkafuna aakulu aja, kuti Hajja akamva mkokomo wake adziwe.

Lachinayi, 8 Meyi
Mkazi wanga Zhor wati ndikabweretsa aakuluwo ndizigona nawo pakhonde, azindiphikiranso. Ndasankha ting'onoting'ono.

Loweruka, 10 Meyi
Makina afika. Ndawaika patebulo la kukhitchini. Batani kungoti dii, mtengo ukuzungulira wokha, wosadikira munthu. Uta umapita n'kubwerera, umakupatsa mpata woganiza. Awa saganiza ndipo safuna kuti wina aganize.

Ndinagwira tchizulo ndi manja onse awiri monga anandionetsera Si Larbi. Abale, manja angawa ndakhala nawo moyo wonse osadziwa kuti ndi mbuli! Tchizulo inakumba, mtengo unati phwa! n'kuuluka, n'kukagwera mumphika wa msuzi. Zhor anauvuula ndi chipande. "Bambo a Ghizlane, ichi tisainire kapena tidye?"

Pansi pa tebulo chala chija chimangogwedezeka chokha, chikulondolera tchizulo yomwe sichikuigwira.

Lamulungu, 11 Meyi
Zathyokanso. Tonse takhuta utuchi. Ghizlane akudutsa pakhitchini mwakachetechete ngati muli wodwala.

Lachiwiri, 13 Meyi
Nzeru zinandibwerera popemphera m'mawa, Mulungu andikhululukire. Hajja akukana phazi. Nanga phazi likavala sokosi? Mtengo sukhudza khungu, ndipo makina alipo monga anafunira. Ndinatsitsa makina pansi, ndinatulutsa sokosi zatsopano zomwe Zhor wandigulira zovala Lachisanu, n'kukhala bwinobwino ngati kumsika.

Poyamba zimayenda, ndithu zimayenda, mpaka ndinayamba kuimba. Kenaka makina anakola sokosi n'kuyamba kuipota. Mayo ine! Ndinakuwa, Zhor anazula chingwe kukhoma. Chala chapulumuka, chikhadabo chokha chabenthuka. Sokosi yabooka, mtengo wang'ambika pakati.

Zhor anasoka sokosi osandiyang'ana. Ati, "Zina sindigula. Muvale zomwezi, aone munthu amene akukwatira kwawo."

Mtengo wa azitona watsala kachidutswa kamodzi, kotalika ngati chikhatho.

Lachitatu, 14 Meyi
Sindinapite kumsika. Ndaona zolembera zamtengo m'sitolo ya mabuku pafupi ndi positi. Kugula chimodzi, kunena kuti ndasema pamakina, angadziwe ndani? Ndinachigwira, ndinachibweza. N'chopepuka ngati bango, ndipo wochipanga sanamuonepo Ghizlane. Koma mawa ndikalephera ndibwerera komweko. Zikundichititsa manyazi ngakhale kulemba.

Lachinayi, 15 Meyi
Masana ndinali nditakhala pakhonde, kachidutswa kaja m'manja, ndikuopa kukapereka kwa makina. Ghizlane anatulukira ndi beseni la madzi ofunda, sopo, ndi uta wanga m'khwapa. Anakautenga yekha kumsika, Mbarek anamuthandiza kunyamula zina zonse.

"Ababa, bweretsani phazi."

Ndinati nanga apongozi ako? Ndinati tsiku lija unakhala chete, ndimayesa ukuchita nane manyazi.

"Ndikanatsegula pakamwa tsiku lija, ukwati ukanathera pa tiyi pomwepo. Fizi yanga yonse inachokera kuti? Si phazi lomweli? Bweretsani."

Analitsuka ngati mbale ya alendo, n'kulithira madzi a maluwa omwe mayi ake amasungira makeke. Zhor anaona, n'kuyang'ana kumbali. Ine misozi, n'kumanamizira utuchi.

Ndinasema dzuwa lisanalowe. Mizere ya azitona yatuluka bwino, ngati madzi oyenda. Makina tawafunditsa nsalu.

Lachisanu, 16 Meyi
Alembi awiri anafika anthu atabwerako kumzikiti. Tonse pamkeka wa alendo, nsapato zili pakhomo. Ghizlane anatulutsa cholembera. Hajja anachilanda, kuchitembenuza uku ndi uku, kuchisisita patsaya, mpaka kuchinunkhiza.

"Mwaona, asewere? Makina ndi makina. Chikununkhira ndi maluwa omwe!"

Ine ndinati ndimeze mawu, tsiku lithe bwino. Koma mwana wanga anati, "Ayi Mayi, ndi phazi la Ababa. Lakumanja. Ndinalitsuka ndekha."

Mlembi wamkulu anatsokomola. Cholembera chili m'manja mwa Hajja, akulephera kuchigwira, akulepheranso kuchiponya. Ilyas anatambasula dzanja, anachitenga, anasaina. Anamupatsa Ghizlane, nayenso anasaina, pang'onopang'ono, dzina lonse, ndi langa lomwe kumapeto.

Kenaka maso onse anatsikira kumapazi anga. Ulusi wa Zhor unali utamasuka, chala chachikulu chili pamtunda, chikhadabo chobenthuka ndi zonse. Zhor anandigunda ndi chigongono kuti ndipinde mwendo.

Sindinaupinde.