Mapulogalamu Awiri a Prudence

Pa komboni,
Mvurwi,
17 Novembala 2024.

Okondedwa achimwene a Yohane,

Pepani ndi malembedwe anga okhotakhota. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera giredi 4, ndipo dzanja langa linazolowera khasu. Muli bwanji ku Harare kumeneko ndi alamu anga? Kuno mvula yayamba, fodya tawokera, koma bambo a Prudence chifuwa chija sichikuwasiya. Ku kiliniki akuti ndi utsi wa m'mabalani oumitsira fodya.

Chandilembetsa ndi Prudence. Ndi laputopu yakale munam'patsa ija wapanga kachipangizo koyeza kutentha m'balani, kolira moto ukachepa, kuti bambo ake asamangolowalowa mu utsi. Panopa ndi mawaya okhaokha m'chitini cha majarini. Akuti afunika ajambule kabolodi kobiriwira konga ka m'wailesi, atumize chojambulacho ku Harare akakapange.

Zojambulira zake ndi mapulogalamu awiri. Mayina ndakopera pa laputopu: Fritzing ndi KiCad. Akuti ndi otseguka, aliyense angawatenge n'kuwasintha, alibe bwana. Ine zinandiopsa kaye, poti pa famu pano chopatsidwa chilichonse chimabwera ndi chingwe, koma iye anangondiseka. Woyambayo amaonetsa zithunzi za mawaya enieni, wofiira ndi wakuda, ndipo Prudence anamuzolowera. Bambo ake amakhala naye pamkeka n'kumaloza ndi chala.

"Uyu ndiye ndikumumva," anatero tsiku lina. "Winayo ali ngati papalasa nkhuku."

"Baba, nkhuku imeneyo ndi imene ikudyetsa anthu ku tauni," anayankha Prudence.

Sankanama. Fanuel, mwana wa a Reason uja anakulira pakomboni pano, amagwira ntchito pa shopu yokonza zamagetsi a sola ku Harare. Wamuuza Prudence kuti kumeneko amagwiritsa ntchito KiCad, ndipo akajambulira mmenemo kabolodi kake, Fanuelyo adzakaonetsa kwa abwana ake, mwina n'kumulemba ntchito. Mapulogalamu onse awiri ntchito ya balani angaithe. Kusiyana kwake n'koti wina amusiya pakhomo, wina apita naye ku tauni.

Achimwene, lamulo la pano simunaliiwale. Nyumba iliyonse itulutse munthu wokagwira ntchito kwa mwini munda, apo ayi mutuluke. Ine mwendo uja unandichotsa kumunda. Bambo ake akagona ndi chifuwa, amene amakaimira nyumba yathu ndi Prudence. Akachoka tilowera kuti? Ku Malawi agogo anachokako kalekale, ngakhale mtengo wotidziwa kulibe.

Lamulungu lapitali titabwerako ku tchalitchi Prudence anandiikira laputopu pamiyendo.

"Mhamha, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe. Lero sankhani ndinu."

Ndinaloza wa zithunzi uja, ndati ndi wokongola. Ndinkadziwa chimene ndikuloza, iyenso anadziwa. Anangoti, "Chabwino, mhamha," n'kutenga ndowa kupita ku mjigo. Mwana amene amaimba mpaka anansi kudandaula anapita chete, kubweranso chete.

Mkati mwa sabata kunabwera foromani kudzafunsa kuti chaka chino ku balani nyumba ino ituluka ndi ndani. Prudence anati, "Ine." Bambo ake anati, "Ine," chifuwa n'kuwagwira pomwepo mpaka kutsamira khoma. Foromani anaseka, n'kuwaitana ngati agogo, akuti, "Sekuru, balani ili ndi chumuni chake kale, sitikufuna chachiwiri." Akuti tigwirizane fodya asanayambe kuthyoledwa.

Atangochoka, bambo ake anaitanitsa laputopu, n'kuyang'ana zithunzi zija nthawi yaitali.

"Maso anga atha, sindikuonapo kanthu apa. Chotsa zidolezi, uphunzire za nkhukuzo."

"Baba, dzulo lomweli munandionetsa waya amene ndinalakwitsa."

"Linali dzulo."

Bodza, achimwene. Munthuyu amalowetsa ulusi m'singano ine nditalephera. Sanandiyang'ane, inenso sindinawayang'ane. Chichokereni tsiku limenelo timangokamba za mvula ndi za mbuzi za eni ake.

Prudence sanafufute ngakhale mmodzi mwa mapulogalamu awiriwo. Ndikamadutsa ndimaona wina pa laputopu, ndikamabwerera ndimaona wina, ndipo kumufunsa ndikuopa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Selestina, ndi kwa mwana wanu Blessing, amene ndamva kuti anakwatiwa n'kusamukira ku Glendale. Ndiye kuti kachipinda kake kaja kali kopanda munthu? Ndangofunsa chabe. Prudence sadya zambiri, amadzuka yekha, ndipo akakhala chete musamuyese wamwano. Bambo ake akuti moni. Sakudziwa kuti ndafunsa za chipinda.

Kabolodi sikanajambulidwe, foromani sitinamuyankhe, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa tidzakhala tili m'nyumba muno.

Ndine mlongo wanu,
Lestina