Makapisozi mu tiyi wa amuna anga

Aphungu,

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Ku sikelo atandiyeza magazi anandipeza ndi chindoko. Anandibaya jakisoni woyamba, akuti kwatsala awiri, n'kundipatsa kakalata koti amuna anga nawonso akabayitse. Kakalatako kali m'kabokosi ka makina anga osokera, pansi pa ulusi, ndipo patha masiku asanu.

Ndikuopa. Bambo a kunyumbawa ndi a mtima wapachala, ndipo funso lawo ndikulidziwa kale: "Wachitenga kuti?" Chonsecho ine sindinayendepo kumbali. Mnzanga amene timasoka naye pakhonde la sitolo anati, "Iwe, usapute mavu, ingowachiza mwakachetechete." Ndiye ndinagula makapisozi pa okala, m'mawa uliwonse ndimatsegula kapisozi mmodzi n'kuthira mu tiyi wawo. Dzulo anakwinya nkhope, amvekere, "Amayi, shuga wa masiku anoyu akuwawa bwanji?" Mimba yanga yoyamba inapita padera, iyi sindikufuna kuitaya. Kodi makapisoziwa akwanira?

E. M.

Mayi E. M.,

Sakwanira, ndipo lekani lero lomwe. Mnzanuyo asoke madiresi, za mankhwala azisiye. Makapisozi a pa okala sangachize chindoko, komanso mankhwala ena amamufufumitsa munthu thupi mpaka kubanika. Amuna anu akapanda kuchira adzakupatsiraninso, majakisoni anuwo n'kupita pachabe.

Mantha anu ndawamva. Koma dziwani kuti chindoko chimatha kubisala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chilonda, mwina chinalowa musanakwatirane n'komwe. Mlandu wa "wabweretsa ndani" ulibe wouweruza.

Ngati pakamwa pakulemera, ingowauzani kuti, "A nesi akufuna tonse awiri, ndi nkhani ya mwana." Zinazo akafotokoze a nesiwo, ndi ntchito yawo. A nesiwo mukawauzenso za makapisozi aja ndi dzina lake, musabise. Ngati mukuopa kumenyedwa, kanenani kwa a nesi mwachindunji musanapite nawo bambowo, akuthandizeni kupeza njira.

Inuyo musaphonye tsiku la jakisoni ngakhale kasitomala atakhala pakhosi. Mugone moyang'ana kukhoma mpaka nonse mutamaliza mankhwala ndipo achipatala atakulolani.

Chenjezo langa ndi ili: chindoko chimalowa mpaka m'chiberekero. Mwana akhoza kubadwa wodwala, kapena kubadwa osalira. Mkwiyo wa amuna anu udzaphwa, koma tsiku lililonse limene mukuzengereza, amene akulipira ndi uyo akukumenyani timateche m'mimbayo, yemwe alibe pothawira.

Phungu wanu