Kansalu ka mfundo ziwiri

Area 49,
Lilongwe.

Okondedwa achimwene Che Sulemani,

Asalamu aleikumu. Ndine mlongo wanu Amida, Abiti Swadick, wa zaka 73 ngati a chitupa sananame. Akundigwirira cholembera ndi mayi ake Hafiz a nyumba yoyandikana nafe, akwawo ku Namwera. Ndawauza alembe mmene ndikuyankhulira, asakonze.

Kodi muli bwanji kumeneko ku Lungwena? Chifuwa chija chinaleka? Ine thupi lili bwino, alihamdulila. Koma mtima ayi.

Mu envulopu muno mupezamo kansalu kong'amba ku chitenje, kali ndi mfundo ziwiri. Musakataye. Ndifotokoza pang'onopang'ono, mukundidziwa.

Mwezi wathawu mwana wanga Rahma ndi amuna ake a Raymond anaitana kalipentala kukhitchini. Akuti m'makabati apansi aikemo mashelefu okoka, oti ukakoka mbale zimakutsata zokha ngati nkhuku. Rahma ananena kuti akuchitira ine, ndisamawerame ndi msanawu. Ndinathokoza.

Kalipentala uja ndi munthu wofatsa. Anagwada ndi tepi yake. Anayeza pakamwa pa kabati, nayeza mkati, nayeza kupita kumbuyo mpaka kukhoma. Ndinamufunsa chifukwa chake akuyeza kawirikawiri malo amodzi. Anati pakamwa ndi mkati sizilingana, mahinjesi a chitseko amadya malo, ndipo tizitsulo toyendapo shelefu timadyanso chala uku ndi chala uku. Ndiye shelefu imatuluka yocheperapo kuposa kabati. Mawu amenewo ndinawasunga.

Kenaka anayamba kuyeza katundu. Mbale anayeza. Botolo la mafuta anayeza. Ngakhale kapoto kamagetsi kophika mpunga wa anthu atatu anakayeza. Atafika pakona anatulutsa sefuliya yanga.

Mukuidziwa, achimwene. Ija anandigulira malemu amuna anga Che Atumani chaka chimene usipa unadzaza mabwato. Ija timaphikira mpunga wa sadaka yawo chaka ndi chaka. Ndinaisenza pamutu mpaka pa msewu, ndinaipakata m'basi mpaka kuno. M'kabatimo inkalowa chopendeka, koma inkalowa.

Kalipentala ananena kuti pa shelefu singakwane, koma palibe vuto, kabati imodzi angaisiye yopanda shelefu. Akamwini anu anakana. Anati makabati onse afanane, chinthu chakuda kumatako chotere chikuwononga khitchini. Ananena m'Chingerezi, poganiza kuti sindimva. Nkhope ya Rahma ndiyo inandimasulira, ndipo madzulo ake ndinamupanikiza mpaka anandiuza zonse.

Lachisanu ndinapita kumzikiti. Pobwera ndinaipeza sefuliya ili pakhonde. Akamwini anu anabwereka chobowolera cha kalipentala, anaiboola pansi, anathiramo dothi, nadzalamo duwa. Duwa, achimwene! Losadyeka n'komwe. Ndinaika chala pabowo limodzi, chinatulukira kunsi.

Akanakhala mwana wanga wom'bala, bwenzi a nyumba zonse za mzere uno atamva mawu anga. Koma ndi mkamwini. Ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso, akalowa pabalaza ine ndimatuluka, zoti ndiwakalipire n'zosatheka. Iwo mwambo umenewu amaukonda kwambiri, chifukwa umawasunga. Ndinamuuza Rahma. Anati ndisakulitse nkhani, sadaka ya chaka chino adzaitana anthu ophika a ganyu, abwere ndi mapoto awo, ine ndidzangokhala pampando.

Mwamva? Sadaka ya mwamuna wanga, mpunga aphike anthu osadziwa ngakhale dzina lake. Lero atulutsa sefuliya, mawa atulutsa mwini wake. Ine pampando sindikhala.

Tsono onse atapita kuntchito, nanenso ndinagwada. Tepi ndilibe, manambala sindiwadziwa, koma chitenje ndili nacho. Ndinasankha kabati yaikulu kuposa onse. Ndinaganiza kuti anthu awa akapanikizika angathe kuchotsa shelefu, ndiye sindinayeze shelefu ayi, ndinayeza pakamwa penipeni chitseko chili chotsegula. Ndinaganizanso kuti angalowetse sefuliya chopendeka monga ndinkachitira ine. Ndiye ndinayeza chopingasa, kuchokera ngodya yapansi kufika ngodya yapamwamba ya mbali inayo. Mfundo ziwirizo ndi pamenepo.

Pempho langa ndi ili. Gulitsani mbuzi yanga yamawanga ija, mupite kumsika wa ku boma, mukagule sefuliya. Muyale kansaluka pakamwa pake. Ikalingana ndi mfundo, isiyeni. Ndikufuna yopitirira mfundo ndi chikhatho chathunthu. Ikhale yolemera, yoti munthu mmodzi aziyamba waganiza asanainyamule.

Isabwere yonyezimira. Muwapatse alamu aphikiremo pa mafuwa, nkhuni zake zaziwisi, mpaka kumatako kude bii. Asakwechepo ndi mchenga.

Ndipo isabwere m'dzina langa. Ikabwera ngati yanga adzadzalamo mbatata. Ibwere m'dzina lanu, inu malume ake a Rahma, eni mbumba, amene munawalandira a Raymond pakhomo tsiku limene anabwera atapinda manja. Mwana wanu Bilal akamabwera ndi matumba a usipa aitenge, ndipo aipereke m'manja mwa a Raymond enieniwo, osati mwa Rahma. Anene kuti ndi mphatso ya amalume kwa akamwini awo, ndiponso kuti pa sadaka mubwera nokha kudzadya mpunga wa m'menemo, wophika mlongo wanu. Ndikufuna ndidzaone pazenera akuilandira ndi manja awiri, akuthokoza. Kenaka ndidzamve akutsegula makabati, imodzi imodzi, mashelefu aja akulira.

Sidzalowa. Kuiboola sangayerekeze. Idzakhala pamwamba pa makabati, pa mwala wawo wonyezimira, pamene anzawo a kuofesi amaikapo makapu. Aliyense wolowa adzafunsa, ndipo oyankha adzakhala iwo.

Mayi ake Hafiz akuseka mpaka cholembera chagwa. Akuti ndiwope Mulungu. Ndimamuwopa. Sinditukwana munthu, sindimenya munthu. Ndikungopempha mphatso.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Malindi ngati akumvabe, kwa adzukulu onse, ndi kwa abale a malemu. Muwauze kuti mpunga wa Che Atumani ndiphika ndine.

Mundiyankhe msanga, achimwene, mwezi wa sadaka wayandikira. Yankho lidzere kwa mayi ake Hafiz, lisafike panyumba pano. Ndipo kansaluko alamu asakachape. Chitenje chake n'cha masiku ano, chikalawa madzi chimafupika.

Ndine mlongo wanu,
Amida Abiti Swadick