Bambo Mulibe mu Kanema Uja

Okondedwa achimwene Sakiusa,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Savusavu? Nanga bondo la mayi lija likuwalola kuyenda? Ine kuno ku Melbourne ndilipo, kungoti chisanu chandilowa m'mafupa, ndipo kuchipatala anamwino tachepa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanangolira. Kanema uja watuluka, uja bungwe la madokotala a opaleshoni linalipirira kuti afotokoze mbiri yake. Mukukumbuka ojambula atabwera kwathu, malemu bambo atayamba kale kufooka. Bambo anavala jekete nakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akusimba momwe ankachitira opaleshoni m'zilumba, ndi momwe bungwelo linawakanizira kulemba mayeso ake ali mnyamata, n'kudzawalandira atamera imvi.

Loweruka anationetsa. Ndinapita ndi Litiana, mnzanga wakuntchito, nditavala diresi langa lakutchalitchi. Anayamba ndi azungu andevu amene anayambitsa bungwelo, kenako nkhondo, kenako nyumba yawo yatsopano. Kenako anafika pa zilumba zathu. Anaonetsa bwato, mitengo ya kokonati ndi ana akuimba. Basi. Litiana anandigunyuza n'kunong'ona kuti ndifatse, nyama yonona amaitulutsa pomaliza. Tili chidikirire, magetsi anayaka, anthu n'kuyamba kuomba m'manja.

Panja ndinamupeza mkulu wa ojambula uja, Corrigan. Anandizindikira, mpaka anatchula nkhanu zimene mayi anamuphikira. Anati akuluakulu a bungwe sanakondwe ndi nkhani ya mayeso ija, ndipo ataichotsa, zotsalazo zinalibe mutu. Ndinamupempha kuti angondipatsa zimene anajambula kwathu, ngakhale pang'ono pokha. Anayang'ana pansi. Akuti zonse zinali za bungwe, ndipo zimene sizinalowe mu kanema anazifufuta ntchito itatha.

"Ndinalimbana nawo, Asenaca. Pepa," anatero.

Ndinalephera ngakhale kumukalipira. Madzi akatayika saoleka, achimwene. Pakhomo palibe amene anajambulapo mawu a bambo, tonse tinkadalira kanemayu. Dzulo ndinayesa kukumbukira kasekedwe kawo. Nkhope ikubwera, mawu osabwera.

Pempho langa ndi limodzi. Mayi amandifunsa nthawi zonse kuti adzamva liti mwamuna wawo akulankhula, ndipo anauza kale amayi anzawo akutchalitchi kuti adzaonera limodzi. Auzeni ndinu. Mukhale nawo pamphasa, mlamu akhale pafupi. Musawanamize kuti kanema wachedwa, chifukwa adzapitiriza kudikira. Ine kuyambira Loweruka mayi akandiimbira, foni ndikungoiyang'ana mpaka isiye yokha.

Mundiperekere moni kwa mlamu Salanieta ndi ana, kwa azakhali a ku Taveuni, ndi kwa amalume Peniasi. Mayi muwauze kuti ndiwaimbira ndikamva kwa inu kuti mwawauza.

Ine mlongo wanu,
Asenaca